Mwana akapempha mfuti, mupatseni kathumba ka phulusa

Mwana wa mlongo wanga anandipeza ndikumata nkhokwe, n'kukhala pansi chapatali monga amachitira munthu amene wabwera ndi nkhani. "Atsibweni, ndakula tsopano. Ndiphunzitseni kuwombera." Anali ndi zaka 17, ndipo m'maso mwake munkachita kuoneka kuti mbawala wayiwamba kale. Ndinamuuza kuti abwere mawa tambala woyamba akalira, asatenge legeni, asatenge galu. Atafika ndinamupatsa kathumba kansalu kodzaza phulusa, ndi kumuuza kuti chida chake ndi chimenecho mpaka dzinja lidutse kawiri. Anakwiya ndithu, koma anabweranso tsiku lotsatira, ndipo pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ndingataye naye nthawi.

Ndikulembera inu alenje anzanga a kuno ku Tete m'dziko la Mozambique, a ku Furancungo, Chifunde, Fingoé mpaka kumtunda kwa Angónia, amene ana a m'mbumba mwanu akupemphani zomwezi. Ife tinaphunzira ulenje nyama zikadalipo. Nkhondo imene inatha mu 1992 inamwaza mfuti paliponse, ankhondo a mbali zonse ankadya za m'tchire, ndipo titabwerako ku Malawi ndi ku Zambia kumene tinathawira tinapeza madambo ali zii. Mwana wa lero alowa m'tchire losauka kuposa limene tinalowa ife, choncho aphunzire mosamala kuposa ife.

Yambani ndi eni ake

Musamutengere mwana kutchire makolo ake asanavomere, ngakhale mutakhala atsibweni ake enieni. Mukatero pitani naye kwa a nyakwawa, akamuone, akamve ndi makutu awo kuti mnyamatayu ali m'manja mwanu. Tsiku limene adzalakwe, mlandu udzayambira kwa inu, ndipo iye ayenera kudziwa zimenezo kuchokera pachiyambi.

Panjira mufotokozereni chifukwa chake. Tchire silinakhalepo lopanda mwini. M'masiku a Undi, amene likulu lake linali ku Mano m'dera lathu lomwe lino, mlenje akapha njovu mnyanga umene wagwera pansi unali wa mwini dziko. Achikunda a m'chigwa cha Zambezi, amene anatchuka ndi kupha njovu, anali ndi mkulu wa alenje wotchedwa nkumbalume, ndipo mnyamata sankangodzuka n'kukhala mlenje popanda kudutsa m'manja mwake. Lero pamwamba pa mfumu pali boma. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la 1999, ndi malamulo olitsatira a 2002, anazindikira mlenje wa m'mudzi, amene pa Chipwitikizi amamutcha caçador comunitário, munthu wovomerezedwa ndi mudzi wake ndi kulembetsedwa kuboma. Pitani naye ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi zachuma m'distirito yanu, mukafunse pamaso pake za lisensa, za masiku amene kusaka kwatsegulidwa chaka chimenecho, ndi za nyama zimene mlenje wa m'mudzi waloledwa. Muzifunsa chaka ndi chaka. Mwana akaona mkulu wa imvi akufunsa, sadzachita manyazi kufunsa.

Chaka choyamba: maso, mphuno ndi mapazi

Apa ndiye pagona ulenje wonse, ndipo apa m'pamene aphunzitsi ambiri amathamanga.

Dzukani naye kusanache, mukafike pamadzi dzuwa likutuluka. Pamatope ndiye pasukulu. Musamuuze dzina la nyama, mufunseni. Phazi la gwape ndi laling'ono, losongoka kutsogolo. La mbawala ndi lokulirapo pang'ono, ndipo mudzalipeza m'zitsamba zowirira za m'mbali mwa mtsinje. La ngoma limadabwitsa, chifukwa nyama yaikulu chonchija phazi lake ndi laling'ono poyerekeza ndi thupi. La nguluwe ndi lobulungira, ndipo pamatope ofewa tiziboda tiwiri takumbuyo timadinda nato. Fisi zikhadabo zimaoneka, nyalugwe sizioneka. Akaphonya musaseke. Muuzeni agwade, ayike chala m'phazimo, aone ngati m'mphepete mwake mukadali mwakuthwa kapena mwagumuka, ngati mame agweramo, ngati nyerere zadutsamo. Phazi la usiku wathawu ndi la dzana amazisiyanitsa motero. Ndowe nazo azigwira ndi manja, aziphwanya, aone zimene nyamayo yadya. Wonyansidwa ndi ndowe abwerere kumunda, palibe chamanyazi.

Kathumba ka phulusa kaja ntchito yake ndi mphepo. Akakagwedeza, phulusa limamuuza kumene fungo lake likupita. Nyama imakhulupirira mphuno kuposa maso. Mukhoza kuima poyera osagwedezeka, gwape n'kukuyang'anani kwa nthawi osathawa, koma kamphepo kakangotembenuka n'kumufikitsira fungo lanu, basi wapita. Muphunzitseni kuyenda mphepo ikumuomba kumaso, ndi kugwedeza kathumbako pafupipafupi, makamaka m'mapiri a ku Macanga kumene mphepo imazungulira m'zigwa. M'mamawa mpweya wozizira umatsikira kudambo, dzuwa likakwera umayamba kukwera phiri. Zimenezi azione yekha ndi phulusa lake, asangozimva kwa inu.

Kenako mitengo. Mlenje wosadziwa mitengo amangoyendayenda. Pansi pa msolo zipatso zikamagwa, agwape ndi ngoma sizisowa. Masuku akapsa kumayambiriro kwa mvula, nguluwe ndi anyani amakhala pomwepo. Kuchigwa kotentha, kumene kuli mitengo ya tsanya ndi milambe, masau akamagwa m'nyengo yozizira amaitana nyama zambiri, njovu zomwe, ndiye pamenepo mwana aphunzire kuyang'ana kutali asanayang'ane pansi. Makutu nawonso agwire ntchito: mbawala ikadzidzimuka imauwa ngati galu, anyani akakuwa m'phiri ndiye kuti aona china chake, ndipo tchire likangoti zii mwadzidzidzi, imani.

Ine ndimamupatsa mwana mayeso amodzi chaka chimenechi chisanathe. Ayandikire gwape mpaka pamene angathe kumuponya mwala, akhale pansi, amuyang'ane akudya, kenako abwerere gwapeyo osadziwa kuti panali munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wanga zinamutengera miyezi isanu.

Adziwe zoti zidutse

Mwana asanaloledwe kupha kanthu, atchule pamtima nyama zimene sadzapha. Yambani ndi zosavuta kuzindikira. Kwa mbawala, nswala, ngoma ndi mphoyo, yamphongo yokha ndiyo ili ndi nyanga, ndiye yopanda nyanga ndi yaikazi kapena mwana, idutse. Kwa gwape nthawi zambiri n'chimodzimodzi, koma tinyanga take n'tatifupi, timabisika pakati pa makutu, ndipo pali kansumbu ka ubweya pamutu kamene kamanamiza wapuma. Njati, ntchefu ndi mphalapala zonse zili ndi nyanga, yaimuna ndi yaikazi yomwe, koma zimenezo si za mlenje wongoyamba.

Muwerengereni miyezi kuti amvetse. Nswala imakhala ndi bere miyezi isanu ndi umodzi ndi theka, n'kuswa mwana mmodzi mvula ikamayamba, cha mu Novembala ndi Disembala. Ndiye kuti nswala yaikazi imene mwaiona mu Seputembala, nthawi imene anthu amakonda kusaka, ili ndi mwana m'mimba. Njati ndi miyezi 11. Njovu ndi miyezi 22. Nkhanga zimaikira mazira m'dzinja, ndipo wotola mazira a nkhanga watola gulu lonse la chaka chamawa. Boma likamatseka kusaka m'nyengo ya mvula, ndi kuletsa kupha yaikazi ya bere kapena yoyenda ndi mwana, likungobwereza zimene makolo ankachita, chifukwa iwonso m'dzinja ankakhala kumunda, uzimba unkadikira chilimwe.

Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Ndili mnyamata ndinalasa gwape madzulo kuli chisisira, osaona bwino mutu. Potumbula tinapeza mwana wathunthu, ubweya utamera kale. Atsibweni anga sanandikalipire. Anangondisenzetsa nyamayo mpaka kumudzi, n'kuuza amayi kuti ine ndiwo imeneyo ndisadye nawo. Ndinadyera nsima chigwada anzanga akutafuna nyama, ndipo mpaka lero dzuwa likapendeka kwambiri sindiponya.

Palinso zimene boma linaziteteza kotheratu. Ngaka ndiyo imene ikupha ana athu masiku ano, chifukwa amabwera anthu ndi foni n'kuwalonjeza ndalama zambiri. Muuzeni mosabisa: lamulo la 2014 la malo otetezedwa, litakonzedwanso mu 2017, limapereka zaka 12 mpaka 16 kundende kwa wopha nyama yotetezedwa, ndipo limagwiranso wosunga, wonyamula ndi wogulitsa. Wogula uja amazimitsa foni, wotsala ndi mlandu ndi mwana wanu. Kale ngaka ikapezeka inkaperekedwa kwa mfumu, sinali ya munthu wamba. Mimbulu ndi chilembwe nazonso ndi zotetezedwa. Ndipo m'kati mwa paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, mulibe kusaka kwa mtundu uliwonse.

Agalu, moto ndi khwekhwe

Uzimba ndi wokoma, ndani angakane? Mfuu, agalu, zibonga, anyamata atandanda mzere kuchokera kudambo mpaka m'munsi mwa phiri. Koma uzimba wakale unali ndi mwini wake, unkalengezedwa ndi mfumu, unkachitika pamalo amodzi pa tsiku lodziwika, ndipo tchire lina linkasiyidwa. Wa masiku ano ndi anyamata asanu ndi machesi. Amayatsa mu Okutobala udzu utauma gwa, moto n'kudya phiri lonse, udzu wofolera, ming'oma ya njuchi, nthawi zina nkhokwe za anthu, zonsezo chifukwa cha akalulu awiri ndi mbewa zodzaza chitete. Lamulo la 1999 lija linaika kutentha tchire dala m'gulu la milandu yopita nayo kundende. Mwana wanu asasake ndi moto. Ngati mudzi wagwirizana zotentha, kuzikhala koyambirira, udzu usanaumitsitse, madzulo mphepo itagona, atalambula kaye njira yotchinga. Nkhanga zinapangana kusanapse, anthu asalephere.

Galu akhale wobayidwa katemera wa chiwewe ndipo akhale womva kuitana. Galu wosamva amagwira ana a nyama, ndipo simungamuuze kuti iyi ndi yaikazi.

Za khwekhwe ndilibe mawu ofewa. Waya wa mabuleki a njinga sasankha. Amagwira yaikazi, mwana, mbuzi ya mnzanu, fisi, ngakhale chitamba cha njovu, ndipo wotchera makumi atatu sawayendera onse, nyama zina zimangowolera pomwepo. Tengani mwanayo tsiku limodzi pa mwezi mukazule makhwekhwe m'mikwaso ya nyama. Akadzapeza yekha mbawala itafa masiku anayi apitawo, khosi litadulika, mphutsi zili nyakanyaka, simudzafunikanso kumulalikira. Mawayawo mukapereke kwa a nyakwawa kapena kwa afisikale, alonda a boma oyang'anira nkhalango ndi nyama, musawasunge m'nyumba.

Tsopano chida

Chaka chachiwiri anyamule chida chanu chopanda chipolopolo, inu muli pambuyo pake mukuyang'ana kumene chalozera. Mfuti ikhale ya mapepala, yolembetsedwa kupolisi, ndipo iye adzagwire yakeyake pokhapokha msinkhu ndi lisensa zikamulola. Gogodera wosula kumudzi ndi zotsala za nkhondo zija zisalowe m'maphunziro anu. Gogodera amaphulikira mwini wake, ndipo tonse tikudziwa wina wa zala zitatu.

Malamulo ake ndi ochepa, koma muziwanena mpaka atope nawo. Mfuti iliyonse ayiyese yodzaza. Kamwa yake isaloze munthu ngakhale mocheza. Chala chikhale kunja mpaka nthawi yowombera. Podumpha mtsinje, pokwera mwala, polowa m'mudzi, achotse chipolopolo. Mowa ndi mfuti siziyendera limodzi, ngakhale chikho chimodzi cha kachasu chochotsera kuzizira. Ndipo asawombere chinthu chifukwa chagwedeza tchire. Aone mutu, aone thupi lonse, aone chimene chili kuseri kwake, chifukwa m'tchire lomwelo muli amayi ofuna nkhuni ndi ana otchera mbewa. Kusaka usiku ndi tochi n'koletsedwa, ndipo chifukwa chake n'chomwechi: maso owala mumdima sanena kuti ndine gwape kapena ndine mwana wa ng'ombe.

Ayambe ndi chandamale pachulu, pamtunda umene adzawomberere nyama. Akamenya malo aakulu ngati chikhatho kasanu motsatizana, ndiye wakonzeka. Pa nyama alunjike kumbuyo pang'ono kwa mwendo wamwamba, m'munsi mwa pakati pa thupi, pamene pali mtima ndi mapapo, nyamayo itaima chopingasa. Yothamanga ayisiye. Yoyang'ana kumbali ina, yongoonetsa matako, ayisiye.

Akalasa nyama n'kuthawa, asathamangire. Aike chizindikiro pamene anaima ndi pamene panali nyama, akhale pansi kanthawi. Nyama yovulala ikapanda kuthamangitsidwa imagona pafupi, ikathamangitsidwa imapita kutali n'kukafera kosadziwika. Magazi ofiira owala a thovu ndi a m'mapapo, nyamayo siili patali. Magazi akuda osakanikirana ndi zam'mimba akutanthauza kuti mudikire nthawi yaitali musanalondole. Koma kulondola ndiye alondole ndithu, ngakhale mpaka mawa. Tsiku limenelo palibe kuwombera ina. Nguluwe yovulala musamusiye ayilondole yekha, imabwerera.

Mpeni ndi kagawidwe

Atumbule msanga, nyama ipachikidwe pamthunzi kuti izizire, makamaka kuchigwa kumene kutentha kumaononga nyama tsiku lisanathe. Yotsala ayilenge timizere, athire mchere, awambe pautsi. Ayang'ane chiwindi ndi mapapo, ngati zili ndi zotupa kapena mafinya asadye. Nyama yopezeka itafa yokha, makamaka mvuu kapena njati yotuluka magazi m'mphuno ndi kumatako, asayikhudze n'komwe, akanene kwa alangizi a ziweto, chifukwa matenda a anthrax amapha wosenda ndi wodya yemwe. Inu a ku Angónia ndi Tsangano amene mumaweta nkhumba, samalani ndi njiri. Nkhufi za m'mauna mwake zimanyamula chigodola cha nkhumba, njiriyo osadwala. Musendereni kutchire komweko, chikopa ndi zam'kati zisafike pafupi ndi khola.

Kugawa ndi phunziro palokha. Kwathu nyama ndi ya amene anayamba kuilasa, womalizitsa amalandira mwendo, a mfumu amalandira mwendo wathako, onyamula salowa m'nyumba chimanjamanja. Midzi imasiyana pang'ono, tsatani za kwanu. Chimene ndimaumirira ine n'chakuti nyama yake yoyamba agawe yekha ndi manja ake, ayende nayo khomo ndi khomo, ayambire kwa agogo amene alibe wowasakira. Asagulitseko ngakhale kanthuli. Mlenje akangolawa ndalama ya nyama, tchire limasanduka sitolo, ndipo lisensa ya mlenje wa m'mudzi ndi ya ndiwo, si ya malonda.

Miyambo ina, monga kuthira nsembe ya ufa patsinde pa msolo kapena kugona padera usiku woti mawa mupita kutchire, ena amaisunga, ena anaisiya chifukwa cha mpingo. Ine sindikakamiza. Ndimangomufotokozera kuti inalipo, ndi kuti inkachititsa munthu kulowa m'tchire ndi mantha oyenera.

Mutengereni kumsonkhano

Gawo ili alenje ambiri amalinyoza, amati ndi za anthu a makope. Akulakwitsa. Mu 1994 ku Bawa, pafupi ndi pamene Luangwa amathira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo, kunayamba ntchito yotchedwa Tchuma Tchato, ndiye kuti chuma chathu. Maganizo ake anafanana ndi a CAMPFIRE ya ku Zimbabwe: alendo olipira ndalama zambiri kuti asake nyama zowerengeka, ndalamazo zigawidwe, 33 pa 100 iliyonse kumidzi, 32 kuboma la distirito, 35 kuboma lalikulu. Ena mwa amene ankasaka mozemba anasanduka oyang'anira nyama, chifukwa ndani wina akanadziwa mikwaso kuposa iwo? Sizinayende bwino zonse, madandaulo a kuchedwa kwa ndalama ndi a njovu zodya m'minda sanathe. Koma kuchokera mu 2005 pali dongosolo loti 20 pa 100 iliyonse ya misonkho ya mitengo ndi nyama ibwerere kumidzi ya kumene zachokera, kudzera mu komiti yolembetsedwa yokhala ndi akaunti kubanki. M'komiti mukakhala mopanda munthu wodziwa tchire, adzasainira zimene sakuzidziwa.

Ndiye mwanayo azikhala nawo pamisonkhano, poyamba chete kumbuyo. Mugulireni kope. Ulendo uliwonse alembe tsiku, malo, nyama zimene waona, zazimuna zingati, zazikazi zingati, ana angati, makhwekhwe angati, moto unayambira kuti. Pakatha zaka ziwiri kope limenelo limayankhula kuposa mkulu aliyense wonena kuti kale nyama zinali mbwee. Ndi kope lomwelo mudzi ungagwirizane kuti dambo lakuti lipume zaka zitatu, ndipo ndi lomwelo mungapite nalo ku SDAE njovu kapena mvuu zikamaononga minda, m'malo moti anyamata akadzichitire okha n'kumangidwa. Aphunzirenso kudzudzula mnzake wotchera waya popanda kumuchititsa manyazi pagulu, ayambe kukamba naye paokha, zikakanika apite kwa a nyakwawa. Atsikana amene ali ndi chidwi musawathamangitse, pakati pa afisikale a ANAC, bungwe la boma loyang'anira malo otetezedwa, masiku ano pali akazi.

Kumusiya yekha

Ine ndimamulola kupita yekha akakwanitsa zitatu: wabwerapo chimanjamanja nyama ataiona n'kundiuza chifukwa chomveka, walondolapo yovulala mpaka kuipeza, ndipo wagawapo nyama popanda wodandaula. Ngakhale pamenepo, azinena kumene akupita ndi nthawi yobwerera, ndipo akafika azikhala pansi n'kufotokoza ulendo wonse, zolakwika zomwe.

Wanga uja tsopano ali m'chaka chachitatu. Kathumba ka phulusa anapatsa mng'ono wake wa zaka 12, amene amamutsata pambuyo ngati mchira. Mwezi wathawu tinapita atatu kudambo la kumunsi kwa mudzi, ine n'kuona phazi pamatope, n'kunena motsimikiza kuti apa padutsa gwape wamphongo usiku womwe uno. Mnyamatayo anagwada, anayika chala, anayang'ana ndowe zimene zinali patsogolo pang'ono, n'kukhala kaye chete posafuna kundichititsa manyazi pamaso pa mwana.

"Atsibweni," anatero motsitsa mawu, "pepani, koma iyi ndi mbuzi ya a nyakwawa. Inasowa dzana."

Tinailondola mpaka masana, ndipo tinaipeza ikudya masamba a mpoza kuseri kwa chulu.